Galimoto ikudya oyilo sabata iliyonse, kodi ndiyambe kusaka injini ina?

Wa_ku_Ntaja
Moni nonse a pa gulu. Ndabwera ndi nkhawa. Mu Malichi ndinagula galimoto kwa munthu wina cha ku Malvern kuno ku Joni, ya petulo, injini ya 1.6, ya 2012, itayenda kale makilomita 231,000. Ndimanyamulira anthu a pa foni aja, ndiye pa sabata ndimayenda makilomita 1,200 kapena kupitirirako pang'ono. Vuto ndi lakuti sabata iliyonse ndikuthira kabotolo ka oyilo, kaja ka 500ml kogula pa filing'i. Pomwe ndimaimika ku Rosettenville sindiona dontho loti n'kudabwa nalo. Makaniko wina wangomvetsera injini n'kundiuza kuti yatha, ndiyike ina ya ku Japan. Mu Disembala ndimafuna kupita kumudzi pa galimoto yomweyi, ana akaone agogo awo. Inu odziwa, kodi galimoto imayenera kudya oyilo wochuluka bwanji kuti tinene kuti ili bwino? Ndalama ya injini ndilibe, komanso sindikufuna kuti idzatifere m'tchire muli ana.

Nkhotakota_Boy
Galimoto yabwino sidya oyilo ngakhale dontho. Anakugulitsani yakutha, amwene. Igulitseni isanagogode.

Spanala_Booysens
Nkhotakota_Boy, pamenepo ayi. Injini iliyonse imaotcha oyilo pang'ono. Oyilo amapaka m'makoma a silinda kuti pisitoni iziyenda mosakhulana, ndipo kochepa kamatsalira n'kupsa limodzi ndi petulo. Ngakhale yochokera m'shopu dzulo imatero.

Achimwene a ku Ntaja, musathamangire injini. Tiyeni tiwerengere limodzi. Theka la lita pa makilomita 1,200, ndiye kuti pa makilomita 1,000 alionse mukutaya pafupifupi 400ml. Mukatsegula mabuku omwe amabwera ndi galimoto, a Volkswagen ambiri amati injini ikhoza kudya mpaka theka la lita pa makilomita 1,000. A Toyota m'mabuku awo ambiri analemba mpaka lita yathunthu pa mtunda womwewo. Mukatengera zolembedwazo, yanuyo sinadutse malire.

Koma ndisakunamizeni. Manambala amenewo ndi denga, pomwe kampani imayambira kuvomera kuti pali vuto. Si mlingo wa injini yathanzi. Galimoto zomwe ndimagwira ine, yabwinobwino imachoka sevisi ina kufika sevisi ina oyilo atangotsika pang'ono, nthawi zambiri osakwana lita. Yanuyo pa makilomita 10,000 ikutha malita anayi, pafupifupi oyilo yense wa mu sampu, beseni lija losungira oyilo pansi pa injini. Chilipo chikuvuta, kungoti chikhoza kukhala gasiketi ya ndalama zochepa. Ndiyankheni kaye funso ili: oyiloyo amayeza ndani, nthawi yanji, ndipo galimoto ili pati?

Wa_ku_Ntaja
Zikomo bwana Spanala. Amayeza anyamata a pa filing'i ndikamathira petulo. Amandionetsa dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, akati watsika ndimangoti thirani.

Wapampu_Midrand
Achimwene, ine ndimagwira ntchito yomweyo, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, ndiye ndikuuzeni momwe zimakhalira. Inu mwangofika kuchokera pa N1, mwazimitsa injini, mphindi imodzi isanathe ife tatsegula boneti. Nthawi imeneyo oyilo wambiri akadali m'mwamba mu injini, sanatsikire mu sampu. Dipisitiki imaonetsa ngati wachepa pomwe ali wokwanira. Kumbuyo kwanu kuli mzere wa galimoto, palibe wodikira mphindi khumi. Ndiye munthu amathira kabotolo pa injini yomwe sinafune kanthu. Sikuti anyamatawo akufuna kukuberani, ambiri sanaphunzitsidwe zimenezi. Ine amene ndinauzidwa ndi kasitomala wina wachikulire.

Spanala_Booysens
Wapampu wanena zenizeni, ndipo n'chifukwa chake ndinafunsa. Oyilo wopitirira mzere wa pamwamba ndi vuto palokha. Kirankishafuti imamumenya mpaka kuchita thovu, amakankha masiilo, wina amakwera kudzera mu kapaipi kopumira injini n'kukapsa. Mukhoza kupeza kuti gawo lina la oyilo amene mukuti galimoto ikudya ndi amene mukuiwonjezera mosafunika, iyo n'kumamutaya.

Chitani izi musanalipire munthu aliyense. Pezani malo athyathyathya, omwewo nthawi zonse. Yezani m'mawa musanalize injini, kapena dikirani mphindi khumi mutazimitsa. Solani dipisitiki, pukutani ndi kansalu, bwezerani mpaka pansi, solaninso, ndiye muwerenge. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri, kuchoka pa mzere wa pansi kufika wa pamwamba ndi pafupifupi lita imodzi. Fikitsani oyilo pa mzere wa pamwamba ndendende, jambulani dipisitiki ndi foni, jambulaninso makilomita a pa dashibodi. Musalole wina aliyense kuthira. Muziyang'ana m'mawa uliwonse kuti asatsike kudutsa mzere wa pansi, ndipo mukakwanitsa makilomita 1,000 mujambulenso. Usiku muziyala katoni pansi pa injini. Mukabwera ndi zimenezo tikambirana zogwirika.

Gogo_Theba
Ana inu mukuchulukitsa nkhani. Ine ndinabwera ku Joni kuno ambiri a inu musanabadwe. Bakkie yanga yakale inkasuta, ndinangosintha n'kuyamba kuthira oyilo wolemera wa 20W-50, utsi unachepa, ndinayenda nayo zaka zina zisanu ndi ziwiri. Mwana wa ku Ntaja, thira oyilo wolemera, injini yokalamba imafuna phala lolimba.

Mlongo_wa_Cosmo
Agogo, ndi ulemu wonse, bakkie yanu ija ndi injini za masiku ano n'zosiyana. Amuna anga anachita zomwezo pa galimoto yathu, m'nyengo yozizira inayamba kulira ngati makina osokera m'mawa uliwonse.

Gogo_Theba
Mwina inali yakutha kale, mayi.

Spanala_Booysens
Agogo sakunama pa za galimoto yawo, koma achemwali a ku Cosmo akunenanso zoona. Injini zakale zinali ndi mipata ikuluikulu, 20W-50 ankakwanamo bwino. Za m'ma 2012 zambiri zili ndi makina osintha nthawi yotsegukira mavalavu, ndipo makinawo amayendera mphamvu ya oyilo kudzera m'tinjira ting'onoting'ono. Nambala yoyamba ija, yokhala ndi W, imanena momwe oyilo amayendera kukazizira. 5W amathamanga msanga m'mawa, 20W amachedwa. Kuno tili pamwamba, mamita oposa 1,700, mu Juni ndi Julayi mumadziwa nokha chisanu chomwe chimagwa pa galasi. Masekondi omwe oyilo wolemera akuchedwa kufika kumutu kwa injini, zitsulo zikudyana. Oyilo wolemera amachepetsadi kudontha ndi kupsa, koma sachiza chomwe chawonongeka. Ngati buku likulola mitundu ingapo, mukhoza kukwera sitepe imodzi, mwachitsanzo kuchoka pa 5W-30 kupita pa 5W-40 kapena 10W-40. Kulumpha mpaka 20W-50 pa injini yotere ine sindingakulangizeni.

Che_Mayfair
Salaam abale. Nanga mankhwala aja a m'kabotolo, onata ngati uchi, oti amaletsa utsi? Mnzanga amathira.

Nkhotakota_Boy
Amenewo ndi omwe ogulitsa ena amathira tsiku loonetsa galimoto. Ine ndinagwa nazo. Ndinayesa galimoto, utsi kulibe, ndinalipira. Nditangopanga sevisi yoyamba utsi unabuka mpaka aneba kudandaula. Munthuyo foni anasiya kuyankha. N'chifukwa chake ndikamva za kudya oyilo mtima umandipweteka, musandione ngati wolusa.

Wa_ku_Ntaja
Pepani amwene, ndamva kuwawa kwake. Inenso ndikukayika kuti mwina zinandichitikira, chifukwa mwezi woyamba sindinkathira chilichonse. Koma utsi ine sindiuona pa galasi loonera kumbuyo.

Mlongo_wa_Cosmo
Woyendetsa sauona utsi wake. Pemphani munthu akutsatireni.

Spanala_Booysens
Eya, ndipo galimoto za masiku ano zili ndi catalytic converter, sefa yoyeretsa utsi mu ekizozi, imene imabisa utsi wochepa mpaka nayonso itatsekeka ndi oyilo yemweyo. Wokutsatiraniyo ayang'ane mtundu wa utsi ndi nthawi yomwe ukutuluka. Wakuda ndi petulo wochuluka, si nkhani ya oyilo. Woyera wokhuthala wosatha ngakhale injini itatentha ndi madzi, mwina gasiketi ya hedi. Kanthunzi koyera ka m'mawa kozizira kaja musade nako nkhawa. Wa oyilo ndi wabuluu, ndipo fungo lake silisowa.

Ukatuluka m'mawa pongoliza kenako n'kusiya, kawirikawiri ndi timasiilo ta mavalavu. Timauma ndi ukalamba, usiku oyilo amatsetserekera mu silinda, m'mawa n'kupsa. Njira ina yoyesera: tsikani chitunda chachitali muli mu giya phazi mutachotsa pa moto, ngati Munro Drive ku Houghton, ndiye pansi pondani moto. Kukatuluka mtambo wabuluu kamodzi n'kutha, ndi timasiilo tomweto. Koma ukamatuluka nthawi zonse mukaponda moto pokwera, pamenepo timaganizira maring'i a mapisitoni, ndipo imeneyo ndiye ntchito yodula.

Mai_a_Tadala
Ndakhala ndikuwerenga chete, koma mawu oti Disembala ndi ana andikhudza, ndiye ndiloleni ndifotokoze zomwe zinatigwera.

Galimoto yathu inali yongoyendera pafupi. Kusiya ana kusukulu ku Turffontein, kupita kuntchito, kukagula zinthu, basi. Chaka chonse dipisitiki inkaonetsa oyilo wodzaza, ndipo tinkanyadira kuti galimoto yathu sidya oyilo. Tinanyamuka ulendo wa kumudzi alamu anga akuyendetsa, kumbuyo tadzaza katundu, pamwamba matumba. Tinayeza oyilo pano pa Joni, anali bwino, sitinaganizenso zoyeza panjira. Pa Beitbridge tinakhala maola ambiri pa mzere, injini ikulira chifukwa cha kutentha, ana akufuna mphepo yozizira. Titadutsa Masvingo kanyale kofiira ka oyilo kanayamba kuphethira pa makona. Alamu anati tifike kaye pa filing'i yotsatira. Sitinafike. Injini inayamba kugogoda, kenako zii.

Tinagona m'mbali mwa msewu ndi ana atatu, wamng'ono ali wa miyezi isanu ndi itatu. Galimoto inakokedwa, makaniko wa kumeneko atatsegula anati mabering'i apsa. Ndalama zomwe tinasunga chaka chonse zoti tikamalizire nyumba ku Lunzu zinathera pamenepo, kumudzi tinakafika pa basi Khisimisi itadutsa.

Pambuyo pake ndi pomwe anatifotokozera kuti galimoto yoyenda timaulendo tifupitifupi injini siitentha mokwanira, ndiye petulo ndi chinyezi zimalowa mu oyilo n'kumakweza mlingo. Umaona ngati oyilo sakutsika pomwe wasakanikirana. Ukaigwiritsa msewu wautali, zosakanikirazo zimauluka ndi kutentha, mlingo n'kugwa kamodzin'kamodzi. Achimwene, kaya mukonza kaya simukonza, panjira muziyeza paliponse pomwe mwaima. Ndipo kanyale kaja kakayaka, imani pomwepo.

Che_Mayfair
Pepani kwambiri mayi. Mulungu anakusungani inu ndi ana.

Wapampu_Midrand
Anthu ambiri amaganiza kuti kanyale kofiira kaja kamatanthauza kuti onjezerani oyilo mukapeza mpata. Ayi. Pa galimoto zambiri kamayaka mphamvu yopopa oyilo ikagwa, kutanthauza kuti zitsulo zayamba kale kuyenda zouma. Zina zili ndi kena kachikasu kochenjeza za mlingo, koma si zonse.

Dalaiva_N1
Ine msewu umenewu ndi munda wanga, ndimanyamula katundu wa anthu kupita Blantyre kawiri pa mwezi. Za mayi a Tadala ndimaziona Disembala aliyense, galimoto zili ndi nambala za GP, za kuno ku Gauteng, zitatsegula boneti pakati pa Musina ndi Harare.

Achimwene a ku Ntaja, kuchoka pano kufika Blantyre kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi makilomita pafupifupi 1,700. Kupita ndi kubwera 3,400, kuphatikiza kukwera kwanu ku Machinga. Ngati ikudyadi 400ml pa 1,000, ndi lita imodzi ndi theka basi. Koma musawerengere choncho, chifukwa galimoto yolemedwa, yothamanga maola ambiri, pa dzuwa la ku Tete, imadya kuposa ya m'tauni. Nyamulani chigubu cha malita asanu cha oyilo yemweyo amene muli naye mu injini, chogula pano m'shopu yodziwika, chosatsegula. Oyilo wa m'mbali mwa msewu wothiridwa m'mabotolo akale musamukhulupirire, simudziwa chomwe chili m'katimo. Ine ndimayeza pa Musina, pa Masvingo, pa Harare, pa Nyamapanda, pa Tete ndisanawoloke Zambezi, ndi pa Mwanza. Galimoto yodya oyilo koma mwini wake akuidziwa imafika. Imene imafera panjira ndi ya munthu amene sakudziwa kuti ikudya.

Che_Mayfair
A Dalaiva, mukunyamuka liti ulendo wotsatira? Ndili ndi firiji ndi njinga ziwiri zopita ku Mangochi.

Dalaiva_N1
Loweruka la mawa lino. Koma ine ndimathera Limbe, za ku Mangochi mupeze wokalandira.

Mlongo_wa_Cosmo
Che Mayfair, mujambule katundu yense musanapereke, ndipo mulembe dzina pa chilichonse. Sindikunena a Dalaiva awa, sindinatumizepo kwa iwo. Koma chaka chatha ndinatumiza mabulangete ndi mapoto kwa mayi anga kudzera kwa munthu wina, zinafika theka, n'kumati zina zinatsala pa boda.

Dalaiva_N1
Zimachitikadi achemwali, ndipo zimatiipitsira mbiri tonse. Koma enanso amabisa katundu wofuna msonkho m'kati mwa mabulangete osatiuza, pa Mwanza akapezeka mlandu n'kukhala wa dalaiva.

Gogo_Theba
Kale tinkakwera sitima ndi sutikesi imodzi, tsopano aliyense akufuna kusamutsa Joni yense.

Mlonda_wa_Gulu
Abale, za katundu pitirizani ku inbox kapena tsegulani mutu wina. Pano tikuthandiza achimwene a ku Ntaja za oyilo.

Kabaza_Randburg
Ndibwererenso ku nkhani. Yanga ndi ya tebo (turbo), 1.0, yatsopanoko. Nayonso imatsika pafupifupi theka la lita pakati pa masevisi. Ndide nkhawa?

Spanala_Booysens
Theka la lita pa sevisi yonse ndi pabwino kwambiri, musavutike. Za tebo zimadyako pang'ono chifukwa tebo imazungulira pa oyilo yemweyo ndipo imatentha koopsa. Chachikulu musamaizimitse mwadzidzidzi mutangochoka kothamanga, ipatseni kamphindi, ndipo musasinthe mtundu wa oyilo womwe buku likunena.

Ndibwerere kwa a ku Ntaja, chifukwa za makaniko wongomvetsera ndi khutu zija zandikhalabe pamtima. Khutu silingaone maring'i. Musanavomere kuti injini yatha, pali zinthu zotsika mtengo zoyamba kuona. Choyamba kudontha. Katoni youma sikutanthauza kuti palibe kudontha, chifukwa galimoto zambiri zili ndi chipulasitiki pansi chomwe chimawakha, ndipo oyilo wochucha pa gasiketi ya tapeti kava, chivindikiro cha pamwamba pa injini, amagwera pa ekizozi yotentha n'kupsa osafika pansi. Tsukitsani injini, yendani masiku awiri, kenako yang'anani ndi tochi: m'mbali mwa kava, pa fyuluta, pa swichi ya oyilo, pa nati ya sampu, ndi pomwe injini imakumana ndi giyabokosi.

Kenako kavalavu ka PCV. Ndi kanthu kakang'ono kotulutsa mpweya wa m'kati mwa injini kubwezera komwe umakapsa. Kakatsekeka, mpweya umadzazana n'kukankha oyilo pa masiilo onse. Kakakhala kotseguka osatsekanso, injini imayamwa oyilo ngati mwana pa botolo. Ndaonapo anthu akugula injini chifukwa cha kanthu kameneka.

Zimenezi zikakhala bwino, ndiye compression test. Amachotsa mapulagi, n'kuyeza silinda iliyonse ndi geji. Mapulagiwo muwaone ndi maso anu, yomwe ili yakuda yonyowa ndi oyilo ikuuzani silinda yovuta. Silinda ikaonetsa mphamvu yochepa, amathiramo kasupuni ka oyilo n'kuyezanso. Nambala ikakwera, ndi maring'i. Ikapanda kusintha, ndi mavalavu kapena gasiketi. Dziwaninso kuti ring'i yopalira oyilo ikhoza kumatirira ndi mwaye pomwe compression ili bwino, makamaka pa galimoto yomwe mwini wakale ankachedwetsa sevisi. Manambalawo akulembereni papepala, silinda ndi silinda.

Nkhotakota_Boy
Zonsezo ndi ndalama ndi nthawi. Injini ya ku Japan umangoika tsiku limodzi, mawa uli pa msewu. Munthuyu galimoto ndiye ntchito yake, tsiku lililonse yaima ana sadya.

Dalaiva_N1
Tsiku limodzi kuika, inde, koma mapepala? Mukasintha injini nambala yake imasiyana ndi ya pa mapepala a galimoto. Pamafunika police clearance ndi kukasinthitsa ku ofesi ya malaisensi, ndipo sizitha tsiku limodzi. Mukafika pa boda nambala ya injini isakugwirizana ndi pepala, ulendo wathera pomwepo. Aliyense woganiza zosintha injini chaka chino asadikire Novembala.

Mai_a_Tadala
Komanso injini yobwera m'kontena simudziwa kuti inayenda bwanji kwawoko. Ife titagula ina pambuyo pa ngozi ija, inabweranso ikudya oyilo, pang'ono pokha kusiyana ndi yakale. Anatipatsa galanti ya miyezi yochepa, ndipo pomwe tinkazindikira inali itatha.

Nkhotakota_Boy
Chabwino, ndamva. Koma akayeza n'kupeza kuti ndi maring'i, mudzavomereza kuti ndinanena.

Spanala_Booysens
Akapeza kuti ndi maring'i tidzakhala pansi n'kuwerengera: mtengo wa kukonza kapena wa injini ina mbali iyi, mtengo wa kabotolo ka oyilo pa sabata mbali inayo. Pali galimoto zambiri zodya theka la lita pa 1,000 zomwe zayenda zaka zikugwira ntchito, mwini wake akungothira ndi kusintha mapulagi msanga. Nthawi yoti palibenso kuchitira mwina ndi pomwe yafika lita pa 1,000 kapena kupitirira, mapulagi akunyowa pafupipafupi, mphamvu yatha pokwera, utsi uli ponseponse.

Wa_ku_Ntaja
Abale, ndabweranso patatha masiku khumi ndi awiri. Ndinachita monga munandiuzira.

Tsiku loyamba kuyeza m'mawa pa malo athyathyathya ndinapeza oyilo ali pamwamba pa mzere wa pamwamba, pafupifupi chala chimodzi chopingasa. Ndiye kuti Wapampu ananena zoona, ndinkathira mopitirira. Ndinapita kwa makaniko wina, osati woyamba uja, anachotsako mpaka pa mzere. Nditayenda makilomita 1,000 osathira kanthu, oyilo anatsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a pakati pa mizere iwiri ija. Katoni inali youma masiku onse. Koma titatsuka injini tinapeza kuti kumbuyo kwa tapeti kava kukuchucha, oyilo akugwera pa ekizozi. Kafungo kopsa komwe ndinkamva ndikaima pa maloboti ndinkayesa ka galimoto za anzanga. PCV nayo inali yomatirira, poigwedeza sinkalira n'komwe. Tasintha zonse ziwiri, tathira 5W-40 yemwe buku likulola, ndi fyuluta yatsopano.

Compression anayeza ndili pompo, masilinda onse anayi manambala ake ndi oyandikana, anandilembera. Mlamu wanga ananditsatira pa Munro Drive, akuti pansi nditaponda moto kunatuluka kautsi kabuluu kamodzi, pokwera kunalibe. M'mawanso kamatuluka pang'ono pongoliza. Kuchokera pomwe tinakonza ndayenda makilomita 600, dipisitiki yangosuntha pang'ono kwambiri.

Wapampu_Midrand
Nkhani yabwino. Ndiionetsa anyamata anzanga kuntchito.

Nkhotakota_Boy
Makilomita 600 ndi ochepa, amwene. Tidikire 2,000. Koma ndakondwa kuti si maring'i, zoona.

Gogo_Theba
Kautsi ka m'mawako 20W-50 akanakathetsa.

Mlongo_wa_Cosmo
Agogo, asiyeni ayende ndi zomwe buku lanena, taonani zayamba kuyenda bwino.

Spanala_Booysens
Nkhotakota_Boy akunena zoona kuti 600 sikokwanira kuweruzira, pitirizani kujambula dipisitiki pa 1,000 iliyonse mpaka Novembala. Kautsi ka m'mawa ndi ka pansi pa chitunda kakuloza timasiilo ta mavalavu, monga tinanenera. Pa makilomita omwe galimotoyo yayenda si zachilendo. Pa injini zambiri timasinthika osachotsa hedi, amadzaza silinda ndi mpweya kuti mavalavu asagwere m'kati, koma afunseni kaye ngati ali ndi zida zake. Ngati kudyako kwatsikira pa 200ml pa 1,000 kapena kucheperapo, ine ndikanatisiya kaye mpaka mutabwerako.

Chinanso, ntchito yanuyi ndi yolemetsa injini. Tsiku lonse kuima ndi kunyamuka, kudikira makasitomala injini ikulira, makilomita osawerengedwa pa dashibodi. Musadikire 15,000 kuti musinthe oyilo, ngakhale buku litatero. Pa 10,000 kapena kucheperapo muzisintha, ndi fyuluta yomwe. Sevisi yomaliza mupange sabata ziwiri musananyamuke, osati dzulo lake, kuti ngati nati ya sampu kapena fyuluta sinamangidwe bwino muzindikire mukadali pano.

Mai_a_Tadala
Ine mtima wanga ukanakonda ana akwere basi ndi mayi awo, inu mutsatire pa galimoto ndi katundu. Koma ndikudziwa kuti matikiti a Disembala ndi odula, ndipo ndi banja lanu. Mukapita nawo, madzi akumwa munyamule ochuluka, ndipo musamange ngolo kumbuyo.

Wa_ku_Ntaja
Mayi, mawu anu ndawamva, ndipo ndawawerengera akazi anga usiku wathawu. Tagwirizana kuti tiona manambala a Novembala. Akakhala abwino tipita tonse, ngolo ayi, katundu wolemera titumiza padera. Akakhala oipa iwo ndi ana akwera basi pa Park Station. A Dalaiva, mu Disembala mukunyamuka tsiku liti? Ndikanakonda kuyenda kumbuyo kwanu mpaka pa Zalewa, ine n'kukhotera ku Balaka ndi Liwonde.

Dalaiva_N1
Ndimanyamuka masukulu akangotseka, mzere wa pa Beitbridge usanakule. Ndilembereni ku inbox sabata yoyamba ya Disembala tipangane. Ine ndi ngolo sindithamanga, ndiye mukhala mukundidikira pa malo oyezera aja. Chigubu cha malita asanu, kansalu, tochi ndi kafanelo muike pamwamba pa katundu, osati pansi pa masutikesi.